Asiyeni ayende ndi mapini awo

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira pomwe anthu akolola mpaka mvula yoyamba, Lachisanu madzulo ndi Loweruka m'mamawa misewu ya ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Area 23 imadzaza ndi amayi omwe mitu yawo idakali pa ntchito. Wina tsitsi alipesa mozunguliza mutu wonse ngati nkhata n'kulikhomerera ndi mapini, wina waliphimba ndi neti, wina marola akusuzumira kunsi kwa kampango kopyapyala, ndipo onsewo ali pa liwiro lokwera minibasi, kugula ndiwo pamsika kapena kukatenga diresi kwa telala. Maso amawatsata. Ena amangoseka chamumtima, koma alipo olankhula mokweza, makamaka abambo a pa bawo ndi anyamata oitanira pa siteji, ati mzimayi wodzilemekeza satuluka panja ndi mutu wa kuchipinda. Amayi ena achikulire amavomereza, ati ana a masiku ano manyazi adawathera. Mlandu umenewu ngofunika kuuzenga modekha, chifukwa mukaufufuza mupeza kuti woimbidwayo ndiye akuchita zanzeru, ndipo oweruzawo alowa kanjira komwe dziko lino lidayendamo kale n'kupweteka nako.

Tiyambe ndi zomwe zikuchitika pamutupo. Tsitsi lofewetsedwa ndi mankhwala kapena lowongoledwa ndi draya silikhazikika nthawi yomweyo. Wa saluni akalichapa amalikulunga pa marola, mwini mutu n'kukhala mu draya mpaka liume, kenaka amachotsa marolawo n'kulipesa mozunguliza kuti ligone motsata mutu. Mapini amaligwira kuti lizizire lili chigonere, ndipo likamasulidwa patapita maola angapo limagwa mosalala popanda kuliwotchanso. Chomwe chimaliwononga ndi chinyezi, thukuta ndi fumbi. Tsitsi likamwa madzi, ngakhale a thukuta chabe, limafufuma n'kuyamba kubwerera m'chilengedwe chake, ndipo mafuta omwe alipaka amakoka kafumbi kalikonse kouluka. Tsono taganizirani ulendo wochoka pa saluni ya ku Area 23 kupita ku Chinsapo mwezi wa Okutobala. Pali minibasi yopita m'tauni, anthu atapanikizana, mawindo atatsegulidwa chifukwa cha kutentha. Pali kudutsa m'chipiringu cha pa depoti, minibasi yachiwiri, kenaka njinga ya kabaza m'msewu wa dothi lofiira komwe galimoto iliyonse yodutsa imasiya mtambo. Mayi amene angayende ulendo umenewu tsitsi atalimasula afika kwawo ndalama yake itathera m'njira. Amene amatuluka mu saluni n'kulowa m'galimoto yotseka mawindo, kuchoka ku City Centre kupita ku Area 43, vutoli salidziwa, ndipo n'chifukwa chake mapini sawoneka kawirikawiri kumayadi. Chomwe anthu akuchitcha kusowa ulemu nthawi zambiri chimangosonyeza kuti munthuyo alibe galimoto.

Ndalama yakeyo si yoseweretsa. Mankhwala a tsitsi, meshi, mawigi ndi madraya ambiri amachokera kunja, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mu saluni idakwera pamodzi ndi ya feteleza ndi mafuta ophikira. Mayi wogulitsa kaunjika kapena mphunzitsi wa pulayimale sapita ku saluni sabata iliyonse. Akapita, amafuna mutuwo umufikitse pa chinkhoswe Loweruka, kutchalitchi Lamulungu, ndi ku ntchito sabata yonse yotsatira. Komanso si iye amasankha ola lokonzetsa. Saluni za m'makwalala athu zambiri ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi draya mmodzi kapena awiri, ndipo zimayendera magetsi ndi madzi a mumpopi. Amene adali mu Lilongwe chaka cha 2022 akukumbukira momwe zinthu zidakhalira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Eni saluni ankatsegula m'bandakucha kapena kugwira ntchito usiku, kutsata ola lomwe magetsi ayaka, ndipo chizolowezi chothamangira magetsi sichinatheretu. Ukwati ukakhala Loweruka masana koma magetsi alipo Lachisanu m'mawa, tsitsi likonzedwa Lachisanu m'mawa, ndipo liyenera kusungidwa tsiku lathunthu pomwe mwini wake akusaka makala, akupita ku chigayo, akulandira alendo. Kumuuza kuti akhale m'nyumba mpaka amasule mapini n'kumuuza kuti asiye ntchito zomwe oseka aja sangamugwirire.

Wina anganene kuti: bwanji osangovala duku? Funsoli n'labwino, ndipo amayi ambiri amachitadi zimenezo. Koma likutiululira kanthu. Duku ndi chovala cholemekezeka kwathu kuno. Amayi a Mvano amavala loyera, a m'mabungwe a mipingo ina ali ndi mitundu yawo, pa maliro mzimayi aliyense amamanga mpango, ndipo palibe amawafunsa chomwe chili kunsi kwake. Loweruka m'mawa kunsi kwa maduku ambiri kumakhala mapini omwewa. Ndiye kuti chotikwiyitsa si mapini, koma kuwaona. Timafuna mkazi afike pa perekaniperekani akuwala, koma sitifuna kuona thukuta lomwe labala kuwalako. Pomwe duku la nsalu ya chitenje lili ndi zovuta zake pamutu wongokonzedwa kumene: nsalu ya thonje imamwa mafuta a m'tsitsi, ikamangidwa zolimba imaliphwanya, ndipo pa dzuwa la m'chilimwe imabweretsa thukuta lomwe munthu akuthawa. Neti imalola mphepo kudutsa, ndipo kansalu koterera sikakanda tsitsi. Amayi adasankha zimenezi ataziyesa, osati chifukwa chosowa mwambo. Ndipo oti izi n'zachilendo aiwala msanga. Amayi athu ndi agogo athu ankamanga tsitsi ndi ulusi wakuda, mzingo uja, n'kuyenda nawo masiku angapo kumsika, kuchitsime ndi kutchalitchi komwe. Mzingo udali kukongola pawokha, komanso idali njira yowongolera tsitsi kuti akadzamasula lidzatalike n'kupesedwa mosavuta. Mutu wodikira tsiku lake udayamba kale kuyenda m'misewu yathu, kusiyana kwake n'kwakuti kale udali wa ulusi.

Mkangano womwewu uliko kwina, ndipo kumeneko ukuoneka bwino kuti umagwera yani. Kupesa mozunguliza n'kukhoma mapini n'kofala m'masaluni a anthu a ku Dominican Republic ndi Puerto Rico, ndipo kudafalikira pakati pa amayi akuda a ku New York ndi mizinda ina ya ku America. Mu Novembala 2013 woimba Rihanna adakwera pa nsanja ya American Music Awards ku Los Angeles tsitsi lili m'mapini chomwecho, ena n'kumuombera m'manja, ena n'kunena kuti watuluka asanamalize kuvala. Mu Epulo 2019 mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya James Madison ku Houston adaletsa makolo kulowa pasukulupo atavala marola kapena tizipewa togonera, ndipo ambiri adadandaula kuti lamulolo likulunjika amayi akuda osauka. Mu 2021 katswiri wa nthabwala Mo'Nique adadzudzula amayi akuda anzake omwe adawaona pa bwalo la ndege atavala tizipewa totere, mkangano n'kubukanso. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, mu 1786 bwanamkubwa wa ku Spain ku Louisiana, Esteban Miró, adalamula akazi akuda kuti aziphimba tsitsi ndi mpango pofuna kuwatsitsa, koma iwo adasandutsa mipangoyo chovala cha ulemerero. Nthawi ina mkazi amalamulidwa kuphimba, nthawi ina kuvundukula, koma wolamulidwayo amakhala yemweyo.

Kwathu kuno sitifunika kubwereka mbiri ya eni. Mu 1973 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe lomwe lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'nyengo yomweyo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ngakhale alendo pa bwalo la ndege. Lamulo la kavalidwelo lidachotsedwa Amalawi atasankha ndale za matipate ambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, koma mtima wake udatsalira mwa anthu. Mu Januwale 2012 magulu a anyamata, omwe ambiri adati ndi mavenda, adavula ndi kumenya akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, mpaka amayi adasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo, mayi Joyce Banda, omwe panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ali nawo limodzi, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zomwe afuna. Pa nkhani ya tsitsi lenileni, mu Meyi 2023 Justice Zione Ntaba wa khoti lalikulu ku Zomba adagamula kuti kukaniza ana a chi Rasta m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo a dziko. Kuseka mayi wa mapini pa siteji si chimodzimodzi ndi kumuvula, zimenezo n'zoona, ndipo palibe akunena kuti aliyense wong'ung'udza ndi chigawenga. Koma maganizo oyambira ndi amodzi, oti thupi la mkazi likafika pamsewu limasanduka la gulu, aliyense wodutsa ali ndi chonena pa ilo. Nkhanza ngati za mu 2012 zimatha kuyamba ndi mluzu ndi mawu onyoza omwe anthu amawayesa nthabwala.

Apa tisapitirire malire. Ulemu ulipo, ndipo malo amasiyana. Pa siwa, m'tchalitchi, mu mzikiti, m'bwalo la milandu kapena pa bwalo la mfumu pali kavalidwe kake, ndipo mutu pa chikhalidwe chathu umalankhula: n'chifukwa chake anamfedwa amameta, namwali amametedwa potuluka m'tsimba, ndipo mkazi sakhala pa maliro mutu uli pamtunda. Bwana wa banki kapena wa hotela angathe kuuza wantchito wake kuti asalandire makasitomala ali ndi marola, ndipo sadalakwe, bola lamulolo likhale lodziwika ndi lokhudza onse. Amayi eni ake amadziwa izi kuposa owalangiza, n'chifukwa chake m'chikwama mumakhala chitenje ndi mpango zodikira malo oterewa. Koma malo onsewa ali ndi chipata ndi mwini wake, munthu amalowamo akudziwa. Msewu wa Chidzanja ulibe mwini, msika wa Tsoka ulibe mwini, minibasi ya ku Area 25 ndi ya aliyense wolipira. M'malo momwemo mumadutsa makaniko wa ku Biwi ovololo ili bii ndi oilo, womanga nyumba simenti ili mbuu m'tsitsi, ndi bambo wa ku Mgona atavala malaya a timu yake osamanga mabatani, ndipo tonse timamvetsa kuti ali pakati pa ntchito. Chifundo chomwecho n'chomwe chikusowa pa mutu wa mzimayi.

Ngati tikufunadi kudera nkhawa mitu ya amayi, zilipo zoyenera nkhawa, koma oseka aja sazitchula. Mapini okhomedwa zolimba pamalo amodzimodzi, nyengo ndi nyengo, pamodzi ndi meshi yokokedwa mpaka nsidze kukwera, amathothola tsitsi la m'mphepete mwa mphumi, ndipo likathothoka kwa zaka zambiri silimeranso. Mankhwala ofewetsa tsitsi amawotcha khungu akasiyidwa nthawi yaitali, ndipo kafukufuku wa National Institutes of Health ya ku America yemwe adatuluka mu Okutobala 2022, atatsata amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11, adapeza kuti ogwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi pafupipafupi ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi osagwiritsa ntchito. Kafukufukuyo sadatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa matendawo, koma ndi chenjezo lokwanira kuti munthu atalikitse nthawi pakati pa kufewetsa kwina ndi kwina. Mwa njira imeneyi mapini ndi bwenzi, chifukwa mutu wosungidwa bwino subwerera msanga ku draya ndi ku mankhwala.

Choopsa chachikulu n'kukwera njinga yamoto popanda chipewa. Njinga za kabaza zadzaza m'makwalala onse a Lilongwe, ndipo si zachilendo kuona mayi wochoka ku saluni atakwera mutu uli pamtunda, kapena chipewa atachigwira m'manja poopa kuphwanya tsitsi. Malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe avale chipewa, ndipo madokotala a ku Kamuzu Central Hospital akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za njingazi. Apa palibe za ufulu wa kavalidwe: tsitsi limakonzedwanso, chigaza sichikonzedwa mu saluni. Ndipo tsitsi lopesedwa mozunguliza, logona bwino kunsi kwa neti, ndilo limalowa m'chipewa mosavuta kuposa lomasula kapena la marola. Inu eni saluni a ku Kawale, Chinsapo ndi Area 25, kasitomala akati akwera kabaza muchotsereni marola, mupeseni mozunguliza, mapini agone chafufumimba osaloza m'khungu, ndipo mumuuze avale chipewa. Inu a kabaza, yendani ndi chipewa chachiwiri chochapa bwino, chifukwa amayi ambiri amachikana kaamba ka litsiro lake.