Asilikali Akale Osowa Pogona ku America: Nyumba Iyambe

Usiku umodzi m'mwezi wa Januwale, anthu ku United States amayenda pansi pa milatho, m'mapaki ndi m'malo ogona anthu ovutika, n'kumawerenga aliyense wosowa pokhala. Kalembera wa 2010 anapeza asilikali akale pafupifupi 74,000, pomwe wa 2024 anapeza 32,882. M'chaka chomwecho cha 2024 chiwerengero cha anthu onse osowa pokhala chinakwera kupitirira 770,000, koma cha asilikali akale chinatsikabe. Chomwe chinathandiza kwambiri n'chakuti boma linaleka kuyembekezera kuti munthu achire kaye asanapatsidwe nyumba.

Kale msilikali wa mumsewu ankauzidwa kuti asiye mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, aonetse khalidwe labwino, kenako aganiziridwe. Pulogalamu ya HUD-VASH, yomwe inayamba mu 1992 n'kukulitsidwa mu 2008, inadzatengera njira ina. Unduna wa zanyumba umalipira gawo lalikulu la lendi, msilikaliyo n'kumasonkha pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zomwe amapeza. Unduna wosamalira asilikali akale, VA, umamupatsa mlangizi womuyendera ndi kumulumikiza ndi chipatala, makamaka ngati zoopsa za ku Vietnam, Iraq kapena Afghanistan zikumusowetsabe tulo.

Ena amati kupatsa chidakwa makiyi n'kumulipira chifukwa cha uchidakwa wake. Maganizo amenewa amaiwala mmene moyo wa pansi pa mlatho ulili. Mapilitsi amabedwa pamodzi ndi chikwama, ziphaso zimanyowa ndi mvula, kalata yomuitanira kwa dokotala ilibe keyala yofikira, ndipo munthu amagona diso limodzi lili tcheru kuopa achifwamba. Kumuuza woteroyo kuti achire kaye n'chimodzimodzi kuuza wodwala malungo kuti malungowo athe ndipo adzalandire mankhwala. Nyumba siichiritsa munthu payokha, komabe dokotala amadziwa komupeza ndipo mankhwala amakhala ndi powasunga. Enanso amakayikira kalembera wa usiku umodzi, poti saona ogona kwa achibale kapena obisala m'magalimoto. Akunena zoona, koma kalembera yemweyo ndi amene anaonetsa kuti anthu wamba osowa pokhala anachuluka mu 2024, choncho kusiyanaku sikungachokere m'kawerengedwe kokha.

Pofooka penipeni ndi pena. Msilikali yemwe anachotsedwa ntchito mochititsa manyazi sapeza zambiri mwa thandizoli, ngakhale kuti nthawi zina khalidwe lomwe linamuchotsetsa linayamba ndi mabala a m'maganizo. Komanso m'mizinda yomwe lendi ndi yokwera, munthu amatha miyezi chikalata cha boma cholipirira lendi chili m'manja, eni nyumba akumukana. Kumeneko boma liyenera kumanga lokha. Mu 2024 khoti linachita kulamula VA kuti imange nyumba zina pamalo ake a ku West Los Angeles, malo omwe anaperekedwa mu 1888 kuti pazikhala asilikali olumala.