Kuchepetsa Thupi Si Kugona ndi Njala

Pa Mdeka pano, munthu akabwera kuchokera ku South Africa kapena m'tauni masaya atatuluka, mimba ili patsogolo, timamulonjera ndi mawu akuti, "Koma ndiye mwanenepatu, zikuyenda!" Kuyambira kale takhala tikuona kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere pakhomo: mayi wonenepa ndiye kuti bambo akusamala, bambo wamimba ndiye bwana. M'zaka za m'ma 1990, Edzi ikutenga anthu mudzi ndi mudzi, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, maganizo amenewa anazika mizu kwambiri chifukwa aliyense woonda ankalozedwa chala.

Abale ndi alongo, nthawi yakwana yoti nkhaniyi tiyionenso bwino. Kunenepa kopitirira muyeso kumabwera ndi matenda, koma kudzimana chakudya mwachisawawa nako kumavulaza, makamaka ana athu amene akukula. Njira yabwino ili pakati, ndipo siifuna ndalama zambiri.

KODI VUTOLI LAFIKA KUMUDZI KUNO?

Ena amati kunenepa ndi vuto la anthu a ku Nyambadwe ndi Namiwawa. Koma kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita m'dziko lonse mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi magazi ochepa. Choncho m'mudzi umodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, muli mayi wolemera thupi koma wochepa magazi, ndi mwana wosakula bwino. Onsewa akudya nsima yambiri, ndiwo zochepa.

Mu 2009, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo unapeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe timati BP. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Chakudza sichiimba ng'oma: BP imatha kukhala m'thupi zaka zambiri osamva kupweteka paliponse, kenaka tsiku lina munthu n'kungogwa, mbali imodzi itafa. Mafuta ochuluka m'thupi, makamaka a pamimba, amakweza BP, amayambitsa matenda a shuga, ndiponso amatopetsa mawondo ndi msana.

MUDZIWA BWANJI KUTI MWAPITIRIRA?

Achipatala ali ndi muyeso wotchedwa BMI. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu, n'kugawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenaka n'kugawanso kachiwiri ndi kutalika komweko. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 70, BMI yake ndi 27. Kwa munthu wamkulu, muyeso wabwino ndi kuyambira 18.5 mpaka 24.9. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa koopsa. Muyesowu sugwira ntchito kwa amayi oyembekezera, ndipo ana osakwana zaka 18 ali ndi kayezedwe kawo.

Amene alibe sikelo atenge chingwe. Chiduleni chofanana ndi msinkhu wanu kuchokera kuphazi kufika pamwamba pa mutu, chipindeni pakati, ndipo muchizunguze pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta a pamimba achuluka. Mukatero pitani ku chipatala chaching'ono cha Mdeka kapena cha Lirangwe, kapenanso ku Mlambe ku Lunzu, mukapemphe kuti akuyezeni BP. Amene m'banja mwawo muli wodwala shuga afunsenso za kuyezetsa shuga.

YAMBANI NDI KAPU YA TIYI

Ambiri akafuna kuchepetsa thupi amayamba ndi kusiya nsima, chonsecho mdani wamkulu ali m'kapu. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni aang'ono 12, ndipo kuchepetsa kufika pa 6 ndi bwino koposa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makapu awiri a tiyi, iliyonse masupuni atatu, ndi masupuni 6. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi masupuni 7 kapena 8. Apa muyeso wapitirira kale, tisanawerenge sobo, thobwa lothira shuga, mabisiketi ndi mafilizesi a ana. N'zoona kuti kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma ichi si chifukwa chothirira masupuni anayi. Chotsani supuni imodzi sabata ino, ina pakatha masabata awiri. Lilime limazolowera.

Chachiwiri ndi mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu zoposa kawiri za galamu imodzi ya ufa. Mandasi, zitumbuwa, tchipisi cha pachiwaya ndi nkhuku yokazinga zimamwa mafuta ambiri, ndipo munthu wodikira minibasi pamsewu wa M1 amazidya mongocheza, osaziwerengera ngati chakudya. Pophika, yezani mafuta ndi supuni m'malo mongopendeketsa botolo.

Chachitatu ndi mchere. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza mchere wa m'ndiwo, wa m'nsomba zouma ndi wa m'timibulu tokometsera ndiwo. Soda wothira m'therere nayenso ndi mbale wake wa mchere. Mbale ya mchere ichoke pamphasa podyera.

NSIMA ISACHOKE, KOMA ICHEPE

Palibe Mmalawi amene angasiye nsima kwa moyo wake wonse, ndipo palibe chifukwa chotero. Chofunika ndi kusintha maonekedwe a mbale. Theka la chakudya likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, mpiru kapena therere. Theka lotsalalo muligawe pawiri: mbali ina nsima, mbali ina nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, dzira kapena nyama. Wodya mitanda inayi atsike pa itatu, kenaka iwiri, ndipo ayambe kudya ndiwo asanatsine nsima.

Mgaiwa uposa ufa woyera. Pokonola ndi kuviika chimanga timataya gaga ndi kamtima ka njere, momwe muli zambiri zomanga thupi. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba, kotero njala siibwera msanga. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Banja limene likudya magulu onsewa silisowa mankhwala ochepetsa thupi. Zipatso tili nazo m'nyengo yake: mango, mapapaya, magwafa, masawu ndi malambe a m'dera lathu lino. Chipatso chodya chathunthu chiposa madzi ake ofinya othira shuga.

Musathamange. Kutsika kwabwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pasabata. Munthu wa makilogalamu 80 akatsitsa 4 mpaka 8 okha, BP ndi shuga wake zimayamba kale kusintha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

MIYENDO TINAYIIWALA

Makolo athu ankayenda wapansi kuchoka kuno kupita ku Lirangwe kapena ku Zalewa osaona chachilendo. Lero ulendo wa ku chigayo tikuitana kabaza wa njinga yamoto. Amene amalima, kutunga madzi pamjigo ndi kupalasa njinga ali kale pa masewera olimbitsa thupi, ngakhale ntchito ya kumunda imachepa tikakolola pomwe kadyedwe sikachepa. Amene ali pangozi kwambiri ndi okhala pansi tsiku lonse: eni magolosale, atelala, oyendetsa minibasi, aphunzitsi ndi amayi ogulitsa malonda pamsika.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Mphindi 30 patsiku kwa masiku 5 zakwana poyambira, ndipo mukhoza kuzidula patatu, mphindi 10 nthawi iliyonse. Mudziwa kuti mukuyenda ndawala yoyenera ngati mukutha kuyankhula koma simungathe kuimba. Kuno kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, choncho yendani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo, ndipo muzimwa madzi.

Amayi ena amachita manyazi, amati anthu aziti chiyani. Kuyenda ndawala sikufuna kusintha kavalidwe. Pezani anzanu awiri kapena atatu muziyendera limodzi, kapena muzidumpha chingwe kuseri kwa mpanda. Ndipo inu abambo, mayi sangapeze mphindi 30 ngati palibe womugwirira mwana. Mugwirireni, mawa lake mutuluke inu.

KWA ANYAMATA NDI ATSIKANA ATHU

Apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zikusokoneza ana athu. Wina akufuna chiuno chaching'ono, akupita kusukulu osadya n'kumakomoka m'kalasi. Wina akufuna mbina, akugula mapiritsi onenepetsa pamsika. Onsewa akudzivulaza.

Thupi la mwana wa zaka 12 mpaka 18 likumanga mafupa, magazi ndi ubongo. Mtsikana amene wayamba kusamba amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo amasowa zakudya zoonjezera magazi monga nyemba, usipa, chiwindi ndi masamba obiriwira. Kumumana chakudya ndi kumuchotsera nzeru za m'kalasi. Mwana wonenepa nthawi zambiri safunika kutsitsa sikelo. Akasiya zotsekemera ndi zokazinga n'kumasewera, msinkhu ukamakwera thupi limadzikonza lokha.

Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 za masewera tsiku lililonse. Mpira wamiyendo, wamanja, fulaye, jingo ndi phada zonsezi ndi mankhwala. Makolo ena amaletsa mtsikana kusewera akangotha msinkhu. M'malo momuletsa, mupezereni malo oyenera ndi anzake abwino. Achinyamata amafunikanso kugona maola 8 mpaka 10, chifukwa wosagona mokwanira amamva njala kwambiri masana. Lamya igone kuchipinda kwa makolo.

Musamutche mwana maina onyoza monga "chidyamakanda" kapena "mbiya", ndipo musamuphikire mphika wakewake. Banja lonse lisinthe kadyedwe. Mukaona mwana akubisa chakudya, akudzisanzitsa akatha kudya, kapena mtsikana wasiya kusamba chifukwa choonda, thamangirani naye kuchipatala.

CHENJERANI NDI MANKHWALA A M'CHIKWAMA

Pali tiyi ndi makapisozi amene akugulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misika, olonjeza kuchotsa mimba m'masiku 7. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyi wambiri wotere amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta. M'maiko ena, makapisozi otchedwa achilengedwe apezekamo mankhwala a sibutramine, amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi kufa ziwalo.

Amene akumwa ma ARV adziwe kuti mankhwala a dolutegravir, omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa anthu ena. Musasiye kumwa, kambiranani ndi achipatala. Amayi oyembekezera asayese kuchepetsa thupi, ndipo oyamwitsa asadzimane chakudya. Komanso munthu amene akuonda yekha popanda kusintha kadyedwe asakondwere, chifukwa mwina ndi shuga, chifuwa chachikulu kapena matenda ena ofunika kuyezetsa.

NANGA MWEZI WA RAMADHAN?

Ambiri amayembekeza kuti swaumu iwachepetsa thupi. Ofufuza apeza kuti omanga mweziwu amatsika ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma ambiri amabwerera pomwe anali patangopita masabata ochepa Eid itatha. Ena amachita kunenepa, chifukwa futali yawo ndi masamusa, mandasi ndi sobo, kenaka mpunga mbale yodzaza. Futulani ndi madzi ndi tende kapena chipatso, pumani kaye, kenaka mudye chakudya cha masiku onse. Daku asadumphidwe: phala la mgaiwa lotendera nsinjiro limasunga munthu nthawi yaitali kuposa tiyi ndi buledi. Odwala shuga ndi BP aonane ndi achipatala mwezi usanaoneke, kuti awauze ngati angathe kumanga ndi momwe angamwere mankhwala.

POYAMBIRA SABATA INO

Musasinthe zonse tsiku limodzi, mungatope. Sankhani zitatu: supuni imodzi ya shuga ichoke m'tiyi, mtanda umodzi wa nsima ulowedwe m'malo ndi masamba, ndipo ulendo umodzi wa pakabaza muuyende wapansi. Chingwe chija muchikoloweke pamsomali kuchipinda, mudzachiyesenso pakatha miyezi itatu. Ana amatsanzira zimene akuona pamphasa podyera kuposa zimene akumva, choncho oyamba kusintha akhale bambo ndi mayi.