Mwana Akabwera ndi Foni Yobwereka ya Maphunziro

Amayi, masiku ano si zachilendo kuona mwana akubwera kunyumba ndi foni kapena tabuleti imene inu simunamugulire. Tabuleti tikunena pano si ya mankhwala ayi. Ndi kakompyuta konga sileti kamene mwana amawerengapo ndi kuonerapo maphunziro. Amene wamubwereka akhoza kukhala a sukulu, a bungwe, mphunzitsi wa maphunziro apadera kapena m'bale wa m'tauni.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha matenda a Covid-19, ana ena anayamba kuphunzira kudzera pa wailesi ndi pa intaneti. Kuchokera nthawi imeneyo aphunzitsi ambiri anazolowera kutumiza manotsi ndi mafunso a mayeso akale pa WhatsApp. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayambanso kupereka matabuleti m'sukulu zina za pulayimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amenewo amakhala kusukulu, ndipo maphunziro ake ali kale m'kati mwake. Mutu uno ukunena za foni kapena tabuleti imene imabwera kunyumba, iri ndi simukhadi, ndipo mwana amatha kulowa nayo pa intaneti.

Chipangizo chotere ndi chothandiza. Musachikane chifukwa cha mantha. Koma dziwani kuti foni ndi ya eni, pamene mwana ndi wanu. Mwini foni amadera nkhawa kuti isasweke. Woyang'anira moyo wa mwanayo ndinu.

KODI CHOOPSA CHIRI PATI?

Intaneti iri ngati msika waukulu umene sutsekedwa usana ndi usiku. Muli aphunzitsi, muli amalonda, mulinso akuba ndi zidakwa. Simungatume mwana wamng'ono yekha ku msika wotere usiku. Koma mwana amene ali ndi foni kuchipinda amalowa mu msikawo atagona pa mphasa yake, chitseko cha nyumba chiri chotseka.

Zovuta zimene ana amakumana nazo kawirikawiri ndi izi:

1. Anthu onyengerera. Munthu wamkulu akhoza kuika chithunzi cha mnyamata kapena mtsikana n'kumanama kuti ndi mnzake wa msinkhu umodzi. Amayamba ndi mawu okoma, kenaka mayunitsi, pomaliza amapempha chithunzi cha mwana ali maliseche kapena kuti akakumane kwinakwake.

2. Zithunzi ndi makanema olaula. Nthawi zambiri mwana sachita kuzifuna. Zimatumizidwa ndi anzake m'magulu a pa WhatsApp, ngakhale m'magulu amene anatsegulidwa chifukwa cha maphunziro.

3. Kunyozedwa ndi anzake. Chipongwe cha pa foni chimamutsatira mwana mpaka kunyumba, ndipo anthu ambiri amachiona nthawi imodzi.

4. Akuba ndi juga. Pamabwera uthenga wonena kuti mwawina mphoto, kapena kuti mwana wapeza mwayi wa sukulu koma atumize kaye ndalama. Ena amafunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Anyamata ena amayamba kubetcha pa mpira ndi ndalama ya fizi.

5. Kusowa tulo. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Akachezera pa foni amasinza m'kalasi, mutu umamupweteka, ndipo maphunziro amene foniyo inabwerera amalowa pansi.

Anyamata nawonso amanyengedwa ndi kuopsezedwa. Musayang'anire atsikana okha.

NGONGOLE YOBISIKA

M'sewero la pa wailesi munamva za mtsikana wa Fomu 4 amene anabwerekedwa foni ndi bambo wina womuphunzitsa masamu madzulo. Mayi ake anathokoza kwambiri, poti mayeso a MSCE anali pafupi ndipo pakhomo panalibe ndalama yogulira mabuku. Sabata zoyamba uthenga unali wa masamu okhaokha. Kenaka unayamba kufika usiku, wofunsa ngati wagona kale. Bamboyo anayamba kumutumizira mayunitsi ndi kumuuza kuti asauze munthu. Tsiku lina anapempha chithunzi. Mtsikana atakana, anamuuza kuti abweze foni ndi ndalama zonse za mayunitsi. Mtsikanayo anakhala chete masiku ambiri, poopa kuti mayi ake amukalipira ndiponso kuti alephera mayeso.

Magulu omvera wailesi anakambirana kwambiri za gawo limeneli. Ena ankati mtsikanayo akanakana foni poyamba pomwe. Ena ankati wolakwa ndi mayi. Koma wolakwa ndi bamboyo, chifukwa ndiye wamkulu ndipo ankadziwa chimene akuchita.

Aphunzitsi ambiri amene amabwereka ana zipangizo amatero ndi mtima wabwino. Komabe chinthu chobwereka chimamuchititsa mwana kudziona ngati wangongole. Munthu wa maganizo oipa amadziwa zimenezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yotetezera mwana ndi yakuti pangano la foni likhale pakati pa inu ndi mwini wake, osati pakati pa mwana ndi mwini wake. Mwana asakhale ndi ngongole kwa munthu wamkulu aliyense.

TSIKU LOLANDIRA FONI

Nkhanga zinapangana kusanapse. Pitani nokha mukaonane ndi amene wapereka chipangizocho. Ngati nkotheka tengani bambo a mwanayo, malume ake kapena mmodzi wa komiti ya sukulu. Funsani mafunso awa mopanda manyazi:

- Kodi foniyi ndi ya yani, ya sukulu kapena ya mphunzitsi mwini wake? Kodi a hedi akudziwa?
- Ibwezedwa liti? Ikasweka kapena kubedwa, alipire ndani?
- Simukhadi iri m'katimo inalembetsedwa m'dzina la yani? Mayunitsi azigula ndani?
- Maphunziro azitumizidwa nthawi yanji, ndiponso pa gulu liti?
- Kodi zinthu za munthu amene ankaigwiritsa ntchito kale zinafufutidwa?
- Kodi mwini wake angathe kuona zimene mwana akuchita pa foniyo, kapena kumene ali?

Pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala, ndipo inu musunge lanu. Pemphaninso kuti nambala yanu, kapena ya kholo lina lodalirika, ikhale pa gulu la maphunzirolo. Mphunzitsi wabwino sakana zimenezi. Amatumiza ntchito pa gulu pamene onse akuona, masana kapena madzulo kusanade kwambiri. Munthu amene akufuna kulankhula ndi mwana wanu payekha usiku, kapena amene sakufuna kuti inu mudziwe za foniyo, musamukhulupirire ngakhale atakhala wolemekezeka m'mudzi kapena ku tchalitchi.

MALAMULO A PAKHOMO

Khalani pansi ndi mwana mupangane malamulo tsiku loyamba lomwelo. Mufotokozereni chifukwa chake, musangolamula.

1. Aziphunzira poonekera, pakhonde kapena pabalaza, osati kuchipinda atadzitsekera.

2. Foni izigona kwa inu. Nthawi yogona ikakwana aipereke, adzaitenga mawa.

3. Nambala yotsegulira foni muziidziwa inu ndi mwana. Anzake asaidziwe.

4. Asauze munthu wa pa intaneti dzina la sukulu yake, mudzi wake kapena njira imene amadzera.

5. Asatumize chithunzi chake ali maliseche kapena atavala zam'kati zokha kwa wina aliyense, ngakhale amene akumutcha chibwenzi. Chithunzi chikatumizidwa sichibwerera. Ngakhale mwana achifufute pa foni yake, kwa winayo chimatsala.

6. Asapite kukakumana ndi munthu amene wadziwana naye pa foni.

7. Foni ikamapita kokatchajitsa ku golosale kapena kometera, ikhale yokhoma ndi nambala yake.

Eni ake a Facebook, TikTok ndi WhatsApp amanena kuti mwana wosakwana zaka 13 asakhale ndi akaunti yake. Ngati mwana wanu sanafike pamenepa, maphunziro ake azidzera pa nambala ya munthu wamkulu.

Kumbukiraninso makanda amene mumabwera nawo ku sikelo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe makanema pa foni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni ya mkulu wake isasanduke chotonthozera mwana.

"NANGA INE SINDIDZIWA ZA MAFONI, NDITANI?"

Funso limeneli linafunsidwa ndi amayi ambiri. Yankho lake ndi lakuti simufunika kudziwa foni kuti mudziwe mwana wanu. Munatha kuzindikira kuti ali ndi malungo asanayambe n'kulankhula komwe. Maso omwewo ndi amene akufunika pano.

Muuzeni mwana akuphunzitseni. Nenani kuti, "Mwanawe, tandionetsa zimene waphunzira lero." Mufunseni mayina a anthu amene amalankhula nawo. Akakuuzani dzina lachilendo, funsani kuti ndi mwana wa yani ndipo anakumana kuti. Chitani zimenezi kawirikawiri, mwamacheza, kuti asaone ngati ali pa bwalo la milandu.

Pemphani mphunzitsi wamkazi, mlangizi wa zaumoyo kapena m'bale wodziwa mafoni kuti akuthandizeni kukonza zinthu zitatu. Choyamba, atsegule SafeSearch pa Google, imene imachepetsa zithunzi zolaula zimene mwana angapeze. Chachiwiri, akonze WhatsApp kuti munthu wachilendo asamamulowetse mwana m'magulu. Chachitatu, akuonetseni inu ndi mwana m'mene mungatsekere nambala ya munthu wovutitsa. Zimenezi zimathandiza, koma sizitseka zonse. Mpanda wolimba ndi mwana amene saopa kuuza mayi ake.

ZIZINDIKIRO ZOTI PALI VUTO

- Amabisa foni kapena kuizimitsa mukangofika.
- Ali ndi mayunitsi, ndalama, sopo kapena zovala zimene simukudziwa kumene zachokera.
- Amadzuka usiku kukayankha foni panja.
- Wasiya kudya bwino, sakugona, sachedwa kupsa mtima kapena kulira.
- Akukana kupita ku sukulu kapena kwa mphunzitsi amene kale ankamukonda.
- Akulankhula zoti bola kufa.

Chizindikiro chimodzi sichitanthauza kuti mwana wachita choipa. Chikutanthauza kuti mukhale naye pansi. Koma akalankhula zodzipha musamusiye yekha, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

ZIKACHITIKA, CHITANI IZI

Musamumenye ndipo musamutukwane. Mukatero, ulendo wina adzabisa. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, ndipo kuti wolakwa si iye.

Musafufute mauthenga, ndipo musabweze foni kwa mwini wake msanga ngati iyeyo ndiye wovutitsa mwana. Mauthengawo ndi umboni. Musatumize chithunzi cha mwanayo kwa achibale kapena kwa amfumu kuti aone. Tengani foniyo mupite nayo ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Ngati munthu akuopseza kuti afalitsa chithunzi mukapanda kumupatsa ndalama, musalipire. Akalandira kamodzi amafunanso.

Imbani 116. Imeneyi ndi nambala yaulere yothandiza ana, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Dziwitsaninso a hedi, amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulupo, kapena a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.

Ngati mwana wagwiriridwa kapena wagonedwa, thamangirani ku chipatala musanachite china chirichonse. Mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV, otchedwa PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, ndipo pasadutse masiku 5. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zipatala zina kuli malo a Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amathandiza mwana pamalo amodzi.

Malamulo ali kumbali yanu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndiponso kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti. Nkhani yotere si yothera pakhomo ndi mbuzi kapena ndalama yachipepeso. Munthu amene wakhululukidwa mwamseri amakabwereka foni yomweyo kwa mwana wa mnzanu.

POBWEZA FONI

Nthawi ikakwana, ndipo ngati panalibe vuto, thandizani mwana kuchotsa zithunzi zake, manambala a anzake ndi maakaunti ake onse. Ngati simukhadi ndi yanu, ichotseni. Kabwezeni foniyo nokha, pamaso pa mboni, ndipo mwini wake avomere kuti palibe ngongole yotsala.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi m'dera lanu ana amabwerekedwa mafoni ndi ndani? Makolo amadziwa pangano lake?
2. N'chifukwa chiyani ana ambiri amaopa kuuza makolo awo akavutitsidwa pa foni? Ife amayi tingasinthe chiyani?
3. Mutaona mwana wa mnzanu akuyankha foni kuseri kwa nyumba usiku uliwonse, mungawauze bwanji amayi ake popanda kuyambana?
4. Kodi Victim Support Unit yapafupi ndi kwanu iri kuti, ndipo mungafikeko bwanji pasanathe masiku atatu?