Oyeza Khungu la Kunkhope: Ntchito Yofuna Dzanja Lopepuka

Kwathu kuno munthu akati akupita ku sikani, timadziwa kuti ndi mayi woyembekezera, kapena wodwala amene madokotala akufuna kumuona chiwindi ndi impso. Koma alipo akatswiri ena amene makina a ultrasound sawagunditsa pamimba. Iwo amawagunditsa pachipumi, patsaya, pamphuno ndi pachikope, ndipo chimene amafuna kudziwa ndi chakuti khungu la pamenepo ndi lochindikala bwanji. Choyezedwacho n'chochepa zedi. Khungu la pachikope limakhala pafupifupi theka la milimita, pomwe la kunsonga kwa mphuno limayandikira mamilimita awiri. Ntchito yambiri ya anthuwa imachitika m'kampata kameneko.

Makinawo amatumiza m'thupi mafunde a phokoso limene khutu silingamve, n'kumadikira kuti abwerere. Pakhungu mafundewa amathamanga mamita pafupifupi 1,580 pa sekondi, choncho makina akadziwa nthawi imene funde latenga kupita ndi kubwera, amawerengera mtunda. Kusiyana kwake ndi sikani ya amayi kuli pa kunjenjemera kwa mafundewo. Ya pamimba imagwira pa 2 mpaka 5 MHz kuti ifike pakatikati. Ya khungu imayambira pa 15 kapena 20 MHz, ina mpaka 70 MHz. Mafunde otere salowa patali, a 20 MHz amathera pafupifupi sentimita imodzi, koma amaonetsa tinthu tating'ono kwambiri. Pagalasi la kompyuta pamaoneka kamzere kowala, komwe ndi kachikopa kapamwamba, kenako gawo lotuwa lomwe ndi khungu lenileni, ndipo pansi pake pali mdima wa mafuta. Woyeza amaika kachizindikiro pamwamba, kena pamalire a khungu ndi mafuta, makina n'kupereka nambala.

Zikumveka zophweka, koma luso lonse lili padzanja. Khungu ndi lofewa. Ukangolipsinja pang'ono laphwatalala, ndipo nambala yanama. Munthu amene anazolowera kujambula mimba amakanikiza, chifukwa kumeneko kukanikiza kumathandiza kuona bwino. Akabwera kunkhope ayenera kusiya chizolowezi chimenecho. Amathira jelo wambiri, kachipangizo kotumiza mafunde n'kumayandama pamwamba pa jeloyo osakhudza khungu, kachala kakanise atakatsamiritsa patsaya la wodwala kuti dzanja lisanjenjemere, monga amachitira mayi wokongoletsa mbiya isanaume. Kachipangizo kakapendekeka, mafunde amadutsa chopingasa ndipo khungu limaoneka lochindikala kuposa m'mene lilili. Pachipumi zimayenda bwino. M'mbali mwa mphuno ndi pakona ya diso, pomwe palibe malo athyathyathya, m'pamene wophunzira amatuluka thukuta. Ndevu zimasunga timpweya, ndipo mpweya ndi mdani wa ultrasound. Ngakhale nthawi ya tsiku ili ndi gawo lake: m'mawa nkhope imakhala itasunga madzi chifukwa munthu wagona usiku wonse, madzulo madziwo atsikira kumiyendo. N'chifukwa chake woyeza wosamala amalemba ola, malo enieni, komanso ngati munthuyo anakhala tsonga kapena anagona chagada, ndipo amayeza kangapo pamalo amodzimodzi asanakhulupirire nambala.

Ntchitoyi si yakale. Ian Donald wa ku Glasgow anafalitsa za kujambula m'mimba ndi ultrasound mu 1958, koma oyamba kuyeza nayo khungu anali Alexander ndi Miller mu 1979. Kenako makampani monga Cortex Technology ya ku Denmark ndi taberna pro medicum ya ku Germany anayamba kupanga makina a khungu lokha. Mpaka lero oigwira ntchitoyi alibe dzina limodzi. Ena ndi madokotala ojambula m'thupi, monga Ximena Wortsman wa ku Santiago m'dziko la Chile, amene pamodzi ndi Gregor Jemec wa ku Denmark anatulutsa buku lalikulu la nkhaniyi mu 2013. Ena ndi madokotala a khungu amene anaphunzira makinawa atayamba kale ntchito. Ena si madokotala n'komwe.

A kuchipatala amayeza pofuna kudziwa kuzama kwa nthenda. Khansa ya pakhungu imakonda nkhope chifukwa ndiyo imapsa ndi dzuwa, ndipo dokotala wa opaleshoni amafuna adziwiretu ngati chotupa cha pamphuno chafika pa chichereŵechereŵe, kuti asadule mochepa kapena mopyola. Pa khansa yotchedwa melanoma, kuzama kwa chotupa m'mamilimita ndiko kumanena zambiri za tsogolo la wodwala, monga anaonetsera Alexander Breslow mu 1970. Sikani imathandiza kuyerekeza kuzamako mpeni usanafike, ngakhale kuti mawu omaliza amachokerabe ku labotale. Palinso nthenda ya scleroderma imene imaumitsa khungu mpaka pakamwa kuvuta kutsekula. Njira yodziwika yoiyezera ndi kutsina khungu ndi zala pamalo 17 a thupi, nkhope ili pomwepo, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 3. Madokotala awiri otsina wodwala mmodzi akhoza kusiyana. Makina amachepetsa mkanganowo. Ndipo mankhwala opaka amphamvu a steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, amapyapyalitsa khungu akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Kupyapyalako kumaoneka pa sikani maso asanakuone. Awa ndi mankhwala omwe aja amapezeka m'mafuta ena oyeretsa khungu amene amagulidwa m'misika popanda chikalata cha dokotala.

Komabe kumene ntchitoyi yakula mofulumira si kwa odwala ayi. Ndi kwa okongoletsa nkhope. Anthu ochuluka ku Ulaya, ku America, ku Brazil ndi ku South Korea amabayitsa mankhwala otupitsa milomo ndi masaya kapena ofafaniza makwinya. Singano ikalowa mumtsempha wa magazi, mankhwalawo amautseka; khungu limafa, ndipo ena asiya kuona. Ku Rotterdam, Leonie Schelke ndi Peter Velthuis a ku Erasmus MC anatchuka pophunzitsa obaya kuti aziyamba aona pamene mitsempha ikudutsa, ndipo ngozi ikachitika azilondolera ndi sikani mankhwala osungunulira a hyaluronidase pamalo penipeni. Imeneyi ndi ntchito yabwino. Chimene chimandikayikitsa ndi makosi a masiku ochepa amene abadwa chifukwa cha msikawu. Kachipangizo kolumikiza kufoni kafika m'manja mwa anthu ambiri, koma dzanja lopepuka lija silimera pa Loweruka ndi Lamlungu. Chithunzi cholakwika chimapatsa wobaya chilimbikitso chimene akadakhala wopanda makina sakadakhala nacho.

Gulu lina limagwirira ntchito akufa, ngakhale limayeza amoyo. Apolisi akatola chigaza chosadziwika mwini wake, woumba nkhope amafuna kudziwa kuti pafupa lililonse aikepo mnofu wochuluka bwanji. Apa sayeza khungu lokha koma mnofu wonse kufika pafupa. Kale ankabaya mitembo ndi singano. Ndi m'mene Wilhelm His anachitira ku Leipzig mu 1895 pofuna kuumba nkhope ya woimba Johann Sebastian Bach. Koma mtembo umauma kapena kutupa. Richard Helmer wa ku Germany anayeza anthu amoyo ndi ultrasound mu 1984, ndipo Mary Manhein wa ku Louisiana State University anatulutsa miyeso ya ana ndi akuluakulu mu 2000. Kuno kummwera kwa Africa, Aulsebrook ndi anzake anatulutsa mu 1996 miyeso ya amuna achizulu, chifukwa manambala ochokera ku nkhope za azungu sakanathandiza wapolisi wa ku Durban.

Ku Malawi, ojambula m'thupi amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo maso awo ali pa mimba, chifuwa ndi mafupa, monga kuyenera. Akatswiri a khungu ambiri m'chigawo chino anadutsa pa Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania, yomwe inatsegulidwa mu 1992, ndipo pakati pa odwala awo pali abale athu achialubino amene khansa imawagwira kumaso, m'makutu ndi m'khosi akadali achinyamata. Makina a 70 MHz si chinthu choyamba chimene chipatala cha m'boma chingapemphe. Koma makina ambiri a sikani amabwera ndi kachipangizo kachiwiri, kathyathyathya, kogwira pa 7 mpaka 12 MHz, kamene amajambulira chithokomiro ndi mabere. Kameneko sikangalekanitse kachikopa kapamwamba ndi khungu lenileni, koma kangauze dokotala ngati chotupa cha patsaya chikadali pakhungu kapena chalowa kale mumnofu, ndipo zimenezo zimamuthandiza kudziwa ngati achidule pompo kapena atumize wodwalayo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central.