Hayah: Mawu Amene Mose Anamva pa Horebu

Tsegulani nafe Eksodo mutu 3. Mose ali pa phiri la Horebu, akuweta nkhosa za mpongozi wake Yetero, patapita zaka 40 chithawireni ku Aigupto. Mulungu akumutuma kwa Farao, ndipo Mose, pochita mantha, akufunsa dzina la womutumayo.

Yankho la mu vesi 14 lazikika pa mneni wa Chihebri wakuti hayah. Aphunzitsi ambiri amaumasulira kuti "kukhalapo", koma ife tikuona kuti kumasulira kotere nkoperewera. Mhebri akafuna kunena kuti munthu ndi mfumu, kawirikawiri sagwiritsa ntchito mneni aliyense. Hayah amabwera pamene chinthu chikuchitika kapena kusanduka. Ndi mneni yemweyu amene Mulungu anaitanira kuunika mu Genesis 1:3. Pano Chichewa chathu chikutithandiza, pakuti "kukhala" kwa ife ndi kukhala pansi, kukhala pamudzi, ndiponso kukhala ndi mnzako pa maliro usiku wonse.

Tsopano yang'anitsitsani vesi 12. Mose asanafunse n'komwe za dzina, Mulungu wamulonjeza kale kuti sadzamusiya yekha pa ulendowo, ndipo liwu la lonjezolo ndi ehyeh, ndiko kuti "ndidzakhala". Liwu lomweli likubweranso katatu mu vesi 14. Choncho dzina ndi lonjezo n'zolukana. Akapolo oumba njerwa sanali kukayika ngati kuli Mulungu kumwamba. Funso lawo linali lakuti, kodi adzatsika kudzakhala nafe kuno? Mwina ndilo funso lanunso, inu amene mukumvera muli m'chipatala kapena kutali ndi kwanu.

Ayuda a ku Alexandria atamasulira Chilamulo m'Chigriki, zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe, analemba ho on, "Iye amene alipo". Sanalakwe, chifukwa Mulungu sadalira cholengedwa chilichonse kuti akhalepo. Komabe kutentha kwa lonjezo kuja kunazirala pang'ono.

Dzina la zilembo zinayi, YHWH, la mu vesi 15, n'lapachibale ndi mneniyu, ndipo limapezeka koposa ka 6,800 m'Chipangano Chakale. Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera limati Chauta. Ndipo pamene Yesu, mu Yohane 8:58, anadzinenera kukhalapo kumeneku Abrahamu asanabadwe, omvera ake anazindikira chimene anatanthauza. Anatola miyala.