KOMPYUTA TSOPANO IKUYENDETSA WAILESI YOLANKHULIRANA

Akulu-akulu a m'midzi yathu akukumbukira wailesi ija ya Sosipani imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949. Munthu anali kupotokola kagudumu kake pang'ono-pang'ono, khutu liri cheru, kufikira mau a ku Lusaka atamveka bwino. Dzanja likangopitirira pang'ono, mau anali kuthawa ndi kusiya phokoso lokha-lokha. Lero, pa mtundu wina wa mawailesi, nchito ya dzanja lija yatengedwa ndi kompyuta. Cotulukapo cake ndi cakuti munthu wokhala kutali ndi tauni, amene ali ndi wailesi ya mphamvu zocepa ndi batire limodzi, akhoza kutumiza uthenga kutsidya la nyanja zazikulu popanda foni kapena intaneti.

Wailesi ya mtundu wanji?

Wailesi imene tiri kunena pano ndi yosiyana ndi ija yomvetsera nkhani ndi nyimbo. Iyi imalandira mau ndiponso imatumiza, monga momwe zicitira za apolisi ndi za oyang'anira nyama m'nkhalango. Pa Cizungu imachedwa transceiver. Pa dziko lonse la pansi pali anthu amene Boma lao linawapatsa cilolezo ca kukhala ndi wailesi yotere pa nyumba, kuti aziphunzira za kayendedwe ka mafunde a wailesi ndi kulankhulana ndi anzao. Anthuwa amachedwa ma radio amateur, ndipo ife tiziwachula kuti okonda wailesi. Sacita nchitoyi kuti alandire malipiro. Ena ndi aphunzitsi, ena alimi, ena ana a sukulu, ena nkhalamba zopuma pa nchito.

Aliyense wa iwo ali ndi dzina lake la pa wailesi, lopangidwa ndi manambala ndi zilembo, ndipo ciyambi ca dzinalo cimaonetsa dziko lake. Maina a mu Zambia amayamba ndi 9J, a ku Malawi ndi 7Q. Iwo anapatulidwira malo ao-ao pa mafunde, monga kuyambira pa 7.000 kufika pa 7.200 megahertz ndi kuyambira pa 14.000 kufika pa 14.350 megahertz. Manambalawa ali ngati malire a munda. Kunja kwa malirewo kuli eni ake ena, monga oyendetsa ndege, a zombo za pa nyanja ndi nyumba zoulutsira mau.

Momwe ziwirizi zimamverana

M'zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan opanga mawailesi otere, amene ndi Yaesu, Icom ndi Kenwood, anayamba kuika kabowo kuseri kwa wailesi kolowetsamo waya wocokera ku kompyuta. A Yaesu anacha njirayi CAT, ndipo dzinali lafala kotero kuti ambiri amaligwiritsa nchito pa mawailesi onse. Poyamba waya wake unali wa mtundu wa RS-232. Mawailesi a masiku ano, monga Icom IC-7300, amalumikizidwa ndi waya wa USB, wa mtundu womwe uja umalumikiza kompyuta ndi makina osindikizira makalata, ndipo waya umodziwo umanyamula malamulo ndi mau omwe.

Cimene cimayenda m'wayamo ndi timalamulo tifupi-tifupi. Titenge citsanzo ca wailesi ya Kenwood. Kompyuta ikatumiza zilembo zakuti FA00014074000; wailesi imalumpha nthawi yomweyo ndi kukaima pa 14.074 megahertz, osaphonya ngakhale pang'ono. Ikatumiza FA; yokha, ndiye kuti ikufunsa pamene wailesi yaima, ndipo wailesi imayankha ndi nambala. Lamulo lakuti TX; limaiuza kuti iyambe kutumiza, ndipo lakuti RX; limaibweza kuti imvetsere. Kacizindikiro kaja ka ku mapeto ndiko kamadziwitsa wailesi kuti lamulo latha.

A Icom ali ndi njira yao yochedwa CI-V. M'njira imeneyi uthenga uliwonse umayamba ndi FE FE ndi kutha ndi FD, ndipo wailesi iriyonse iri ndi keyala yake monga bokosi la ku positi. Keyala ya IC-7300 pocokera ku fakitale ndi 94. Cifukwa ca makeyalawa, mawailesi angapo akhoza kukhala pa waya umodzi, ndipo iriyonse imalabadira uthenga wolembedwa dzina lake lokha. Mawailesi akale a Yaesu, monga FT-817, amalandira lamulo lirilonse m'timagulu tisanu ta manambala.

Womasulira pakati pao

Apa mwaona kale pamene panagona bvuto. Makampaniwa sanagwirizane cinenero cimodzi, ndipo ngakhale mawailesi a kampani imodzi amasiyana. Wolemba pulogalamu ya pa kompyuta anali kuyenera kuphunzira cinenero ca wailesi iriyonse payokha. Mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 2000 wokonda wailesi wina, Bambo Frank Singleton, anayambitsa nchito yochedwa Hamlib, ndipo anzake a m'maiko ambiri akhala akuonjezerapo kufikira lero popanda malipiro. Hamlib iri ngati womasulira wa m'khoti. Pulogalamu imanena cimene ifuna m'cinenero cimodzi, ndipo Hamlib imacitembenuza kuti cimveke kwa wailesi imene yalumikizidwa. Tsopano imadziwa mitundu ya mawailesi yoposa 200, ndipo munthu aliyense akhoza kuitenga kwaulere.

Phindu lake ndi lotani?

Phindu loyamba ndi la kumva mau ofooka. M'caka ca 2017 Bambo Joe Taylor, katswiri wa sayansi wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, pamodzi ndi mnzake Bambo Steve Franke, anatulutsa njira yotumizira uthenga yochedwa FT8. M'njira imeneyi munthu salankhula ndi pakamwa. Kompyuta imasandutsa zilembo kukhala kamluzu, wailesi imatumiza kamluzuko, ndipo kompyuta ya kutsidya imakabwezanso kukhala zilembo. Mphindi imodzi imagawidwa panai, masekondi 15 gawo lirilonse. M'gawo limodzi mbali iyi imatumiza, m'gawo lotsatira imakhala cete ndi kumvetsera yankho. Palibe dzanja limene lingatsegule ndi kutseka wailesi mosaphonya motere kwa maola ambiri, koma kwa kompyuta ndi nchito yopepuka.

Codabwitsa ndi cakuti kompyuta imatola uthenga umene uli wofooka pafupifupi ka 100 kuposa phokoso louzungulira, pamene khutu la munthu likungomva kuwaza ngati mvula pa malata. Cifukwa cace wailesi ya mawati 5 kapena 10, yokhala ndi waya wamkuwa womangidwa pakati pa mitengo iwiri, imatha kumveka ku Ulaya kapena ku Asia pamene mlengalenga muli bwino. Uthenga wake ndi waufupi ndithu. Mumakhala maina a mbali ziwiri, mphamvu imene wina wamvera mnzake, ndi cizindikiro ca dera limene ali. Dziko lonse linagawidwa m'timabwalo, ndipo Lusaka iri m'kabwalo ka KH44, Chipata m'ka KH66. Wofuna kulemba mau akeake amaloledwa zilembo 13 zokha pa ulendo umodzi.

Phindu laciwiri ndi la kutsata makina ouluka m'mlengalenga. Mwamvapo momwe huta ya basi imalirira mokwera pamene basi ikubwera, ndi kutsika mau ikangokupitirirani. Mafunde a wailesi amacitanso cimodzimodzi. Nyumba ya akatswiri ya m'mlengalenga yochedwa International Space Station, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, imatumiza mau kwa okonda wailesi pa 145.800 megahertz. Ikamayandikira nambalayi imakwera ndi makilohertz oposa atatu, ikamapita imatsika cimodzimodzi, ndipo zonsezi zimacitika m'mphindi khumi zokha. Pa mafunde a 435 megahertz, amene masetilaiti ena amagwiritsa nchito, kusinthaku kumafika makilohertz 10. Kompyuta imawerengera pamene cinthuco cafika ndi kusuntha wailesi kacidutswa-kacidutswa kuti mau asathawe.

Phindu lacitatu ndilo lalikulu koposa, ndipo limaoneka pa nthawi ya tsoka. Pa 20 September 2017 namondwe wochedwa Maria anakantha cisumbu ca Puerto Rico, ndipo pa milongoti 100 iriyonse ya mafoni, pafupifupi 95 inaleka kugwira nchito. A bungwe la American Red Cross anapempha bungwe la okonda wailesi la ku America, la ARRL, kuti litumize anthu odzipereka. Iwo anapita ndi mawailesi ndi makompyuta, ndipo mwa njira zimene anagwiritsa nchito munali yochedwa Winlink. M'njirayi munthu amalemba kalata pa kompyuta, kompyuta imaika wailesi pa nambala ya siteshoni ina yakutali kumene intaneti ikugwirabe nchito, ndipo kalatayo imaoloka pa mafunde kukalowa mu intaneti kumeneko. Mndandanda wa maina a anthu kapena wa mankhwala ukalembedwa motere umafika monga momwe unalembedwera, pamene kuuchula ndi pakamwa pakati pa phokoso kumasokoneza zilembo ndi manambala. Ife amene tinaona momwe namondwe Freddy anadulira miseu ndi magetsi kwa anansi athu a ku Malawi ndi ku Mozambique mu March 2023 sitifunika kuuzidwa kufunika kwa njira yotere.

Palinso mwai wina umene uli wa anthu a kumudzi makamaka. M'matauni muli phokoso lambiri la pa mafunde locokera ku nthambo za magetsi, mababu ndi makina osiyana-siyana, ndipo limatseka mau ofooka. Kumudzi kuli bata. Cifukwa ca ici okonda wailesi ena a m'maiko akunja amaika wailesi yao pa famu, ndi kumaiyendetsa ali m'tauni kupyolera mu intaneti.

Walira mvula walira matope

Kulumikiza ziwirizi kuli ndi mabvuto ake, ndipo ambiri amagwa ulesi pa tsiku loyamba. Kawiri-kawiri colakwika cimakhala liwiro. Wailesi ndi kompyuta ziyenera kuikidwa pa liwiro limodzi lotumizirana malamulo, monga 4800, 9600 kapena 38400. Zikasiyana, wailesi imangokhala duu ngati yafa. Cina ndi kusankha dzina la wailesi lolakwika m'pulogalamu, kapena keyala yolakwika pa mawailesi a Icom. Dziwaninso kuti khomo limodzi la kompyuta silitsegulidwa ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi. Wofuna kuti pulogalamu yolemba kaundula wa amene walankhula nao igwire nchito pamodzi ndi ya FT8 ayenera kuika mkhala-pakati, monga kacigawo ka Hamlib kochedwa rigctld.

Nkoloko ya kompyuta nayo iyenera kukhala yolondola. Ikaphonya ndi masekondi awiri kapena atatu, uthenga wa FT8 suwerengeka. Kumene kulibe intaneti, kacipangizo kakang'ono ka GPS kamakonza nthawiyo.

Bvuto loopsa ndi ili. Mphamvu imene wailesi ikutumiza ikhoza kulowa m'waya wa USB ndi kuzunguza kompyuta isanatumize lamulo lakuti leka. Zikatero wailesi imapitiriza kutumiza yokha, kutseka anzanu pa mafunde, kumaliza batire ndi kutentha kufikira ziwalo zake zitapsa. Mankhwala ake ndi kukulunga wayayo pa timphete ta ferrite, kuika eriyo kutali ndi nyumba, kucepetsa mphamvu potumiza FT8, ndi kuchera wailesi kuti izidzizimitsa kutumiza pakapita mphindi zingapo, pakuti mawailesi ambiri ali nayo njira imeneyi. Wogwiritsa nchito sola akumbukire kuti wailesi ya mawati 100 imakoka maampu pafupifupi 20 pa mavoti 13.8 pamene ikutumiza, motero wailesi yaing'ono ndiyo yoyenera batire limodzi. Nyengo ya dzinja, mitambo ikayamba kugunda, cotsani waya wa eriyo. Mphezi ikalowera pa eriyo imaononga wailesi ndi kuolokera ku kompyuta pa waya womwe uja wa malamulo.

Woyankha mlandu ndi munthu

Kompyuta imacita cimene yauzidwa. Mukaphonya nambala imodzi polemba, ikhoza kuika wailesi kunja kwa malire anu, ndipo mau anu akhoza kusokoneza anthu amene miyoyo ya ena iri m'manja mwao. Lamulo silizenga mlandu makina. Limazenga mwini dzina limene lamveka pa mafunde. Malamulo a bungwe la maiko onse loyang'anira za mafunde, la ITU, amaletsanso okonda wailesi kubisa tanthauzo la uthenga wao polankhula ndi maiko ena, ndipo mafundewa si ocitirapo malonda kapena kuulutsirapo nyimbo.

M'dziko lathu cilolezo ca kutumiza mau pa wailesi cimacokera ku bungwe la ZICTA, ndipo kutumiza popanda cilolezo ndi mlandu. Mnyamata kapena mtsikana amene nkhaniyi yamukoka mtima ayambe wafunsa ku bungweli za zofunika asanataye ndalama pa makina, ndipo afunefune a Radio Society of Zambia, amene ndi gulu la okonda wailesi a muno. Aphunzitsi a sayansi m'masukulu a sekondale a m'maboma akhoza kuthandiza pa kusonkhanitsa ana ofuna kuphunzira za magetsi ndi za mafunde. Amene adziwa cifukwa cace wailesi yaima pa nambala yakuti-yakuti ndiye adzadziwanso cocita tsiku limene kompyuta idzakana kuyankha ndipo uthenga uli wofunika kupita.