KODI PARACHUTI IKANAŴAPULUMUTSA?

Ife a ku Mzimba timaidziŵa nkhungu ya pa Viphya m'mwezi wa Juni, yoti munthu saona ngakhale mtengo umene uli patsogolo pake. M'nkhungu yotereyi, pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo Wachiŵiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena 8.

Maliro atapita, mwana wina m'kalasi mwanga anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi ndege zilibe parachuti?” Funso limeneli makolo ambiri alimva, ndipo liyenera yankho loona.

Inde, zilipo ndege zazing'ono zonyamula parachuti yotsitsa ndege yonse pamodzi ndi anthu ake. Nzeruyi anaipititsa patsogolo ndi Boris Popov wa ku America, amene anapulumuka atagwera m'nyanja m'chaka cha 1975, nakhazikitsa kampani yopanga maparachutiŵa mu 1980. Ndege ya Cirrus SR20, imene inavomerezedwa mu 1998, inabwera nayo parachutiyo kuchokera ku fakitale, ndipo mu 2002 woyendetsa wina ku Texas anapulumuka nayo. Injini ikafa, woyendetsa amakoka chogwirira chofiira cha kudenga. Karoketi kamatulutsa parachuti, ndegeyo nitsika pang'onopang'ono.

Komabe parachuti ili ndi malire. Imanyamula ndege zopepuka zokha, za anthu oŵerengeka, pamene Dornier ndi yolemera, ya mainjini aŵiri, yokwana anthu 19. Imafunanso kuti ndege ikhale pamwamba ndithu, ipeze mpata wotambasuka. Ndege youluka m'munsi, m'nkhungu, pakati pa mapiri, imagunda woyendetsa asanatambasule n'komwe dzanja. Chotero yankho kwa mwana uja linali lakuti iyayi.

Koma akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyi anapeza kanthu kena kotiŵaŵa. Kachipangizo koitana opulumutsa ndege ikagwa kanali ndi batire lotha nthaŵi yake mu 2004, ndipo ndegeyo inapezeka maŵa lake, anthu atachezera kuifunafuna m'nkhalango. Ngakhale parachuti ya Cirrus imayenera kupindidwanso zaka 10 zilizonse.

Inu anyamata ndi atsikana amene mukulakalaka ntchito ya ndege, dziŵani kuti chida chosasamalidwa sichipulumutsa munthu. Nanga ife makolo, mabuleki a njinga imene mwana amakwera popita kusukulu tinawayesa liti?